Mawu a Wailesi ku Chapananga: Yakale ndi Yamakono

Pali mlandu wina umene wakanika kutha m'midzi ya kwa Mfumu Chapananga, kumadzulo kwa boma la Chikwawa. Akuluakulu amanenetsa kuti wailesi zakale, zija zinali ndi singano yoyenda kuseri kwa galasi, zinkalankhula ngati munthu wamoyo, pamene zamakonozi zimangolira ngati nyenje yotsekeredwa m'chitini. Achinyamata nawo salola. Iwo amati wailesi za makolo awo zinkangosokosa ngati mafuta pamoto, ndipo zipangizo za dijito ndizo zabweretsa mawu oyera. Munthu angayese kuti nkhaniyi ndi yongotayitsira nthawi pansi pa mtengo wa masawu, koma m'chigwa cha Shire, mmene madzi osefukira amatha kufika usiku anthu ali mtulo, kumveka kapena kusamveka kwa wailesi kumakhudza moyo wa munthu. Kuti tiweruze mlanduwu mosakondera, tiyenera kutsata mbiri ya mawu a wailesi kuyambira pamene anayamba kumveka m'dziko muno.

Nzeru yotumiza uthenga m'mlengalenga popanda waya inakhwima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1901, Guglielmo Marconi wa ku Italy analandira ku Newfoundland chizindikiro chimene chinatumizidwa kuchokera ku England, tsidya lina la nyanja ya Atlantic. Pofika m'zaka za m'ma 1920, mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America anali atamanga nyumba zoulutsira mawu. Njira imene inkagwiritsidwa ntchito masiku amenewo imatchedwa AM. M'njira imeneyi mawu amaberekedwa pa funde losaoneka ndi maso, ndipo mphamvu ya fundelo imakwera ndi kutsika motsatira mawuwo. Vuto lake ndi lakuti mphezi nayo ikang'anima imatulutsa mafunde amphamvu, ndipo wailesi ya AM sidziwa kusiyanitsa mawu a muulutsi ndi mkwiyo wa mitambo. Zonse imazilandira n'kuzipereka kwa womvera.

Mawu oyamba a Chinyanja amene anthu ambiri a dziko lino anamva pa wailesi anachokera ku Lusaka. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mawu kumeneko mu 1941, makamaka pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, nyumbayo inakula n'kutchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inapatsidwa ntchito yolankhula kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zawo. Komabe wailesi za nthawiyo zinali zokwera mtengo, ndipo zambiri zinkafuna magetsi amene kumudzi kunalibe. Mkulu wina woona zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anapempha kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Mu 1949 wailesiyo inafika. Chigoba chake chinali chachitsulo, chozungulira ngati sefuliya, n'chifukwa chake inatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake, limene linali lalikulu, linkagulidwa palokha.

Tikanena zoona, mawu a wailesi ya sefuliyayi sanali okoma. Inkagwira mafunde a shortwave, amene amakwera kumwamba n'kukagunda gawo lina la mlengalenga kenako n'kubwerera pansi kutali kwambiri ndi kumene achokera. Gawo limenelo silikhazikika. Limasintha usana ndi usiku. Motero mawu ankabwera n'kuthawa, kubwera n'kuthawa, ngati munthu woitana tsidya la mtsinje kukuwomba mphepo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene chigwa chimatentha ngati ng'anjo ndipo ziphaliwali zimang'anima madzulo, phokoso linkaposa mawu. Koma anthu a mbadwo umenewo sankadandaula. Kwa iwo chodabwitsa chinali chakuti bokosi likulankhula chinenero chawo, ndi kuti nyimbo za Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi wotchuka wa ku Lusaka, zikumveka pakhonde pa mphunzitsi kapena kalaliki. Muyeso wa wailesi yabwino masiku amenewo unali umodzi wokha: kodi mawu afika?

Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964, kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Broadcasting Corporation, limene likulu lake linamangidwa ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Nthawi yomweyi wailesi zenizenizo zinali zikusintha. Zoyamba zija zinali ndi timababu tagalasi totchedwa valve, timene tinkatentha ndi kumaliza batire msanga. Kachipangizo kotchedwa transistor, kamene kanatulukiridwa ku America mu 1947, kanalowa m'malo mwa timababuto, ndipo wailesi zinapepuka n'kuyamba kuyendera mabatire a tochi. Kampani ya Nzeru Radio ku Blantyre inkalumikiza wailesi zimene zinafika m'midzi yambiri, ndipo amuna obwera ku ntchito ku Southern Rhodesia ankatsika basi atanyamula wailesi za Supersonic zopangidwa ku Bulawayo. Kuwonjezera pa shortwave, MBC inaimika milongoti ya medium wave m'madera angapo, kuphatikizapo ku Bangula m'boma la Nsanje. Mlimi wa thonje akagulitsa mbewu yake ku msika wa ADMARC, sankaiwala kugula mabatire, ndipo akafooka ankawayanika padzuwa poyembekeza kuti apereka mphamvu ya madzulo amodzi. Mabanja ankasonkhana kumvera sewero la Kapalepale, Nkhani za m'Maboma, Bwalo la Alimi ndi mauthenga achisoni.

Kodi mawu amene akuluakulu athu amawakumbukira ndi chifundo chotere anali otani? Apa tiyenera kudziwa kuti mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Khutu la wachinyamata limamva kunjenjemera koyambira maulendo 20 mpaka pafupifupi 20,000 pa sekondi imodzi. Kunjenjemera kochepa ndiko mawu aakulu ngati a ng'oma, ndipo kofulumira ndiko mawu aang'ono ngati a maseche. Wailesi wamba ya AM imalekezera cha pa 5,000 basi. Izi zikutanthauza kuti mawu aang'ono ambiri ankatayika panjira, ndipo chotsala chinali mawu apakati ndi aakulu, amene khutu limawamva ngati ofunda ndi osabaya. Kuwonjezera apo, wailesi zambiri za nthawiyo zinali ndi bokosi lalikulu ndi sipika yotambalala. Aliyense amene anaonapo ulimba wa Asena ndi Amang'anja amadziwa kuti kathabwa pakokha kamalira mouma, koma chikho chimene chimapachikidwa pansi pake ndicho chimakuza ndi kunenepetsa mawu. Bokosi la wailesi limagwira ntchito ya chikho chimenecho. Tsono gawo lalikulu la kukoma kumene akuluakulu amanena silinkachokera m'chipangizo chogwira siteshoni, koma m'bokosi ndi m'sipika.

Mbiri imatiphunzitsanso kuti mawu omveka bwino sindiwo nthawi zonse amene anthu amawafuna. M'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, MBC inali nyumba yokhayo youlutsa mawu m'dziko muno, ndipo inkalankhula zokomera boma. Maepiskopi a mpingo wa Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro pa 8 Malichi 1992, Amalawi ambiri anapotoza singano kupita ku shortwave kukasaka BBC ya ku London ndi wailesi ya ku Johannesburg imene inkaulutsanso m'Chichewa, imene m'chaka chomwecho inasintha dzina kuchoka pa Radio RSA kukhala Channel Africa. Anthu ankamvera motsitsa, khutu litagunda pasipika, mawu akubwera n'kuthawa monga kale. Palibe amene ankadandaula za phokoso, pakuti m'kati mwa phokosolo munali nkhani zimene sizinkamveka kwina kulikonse. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inachitika anthu atamva kale mbali zonse ziwiri, ndipo wailesi zosasa mawu zija zinathandizapo.

Mankhwala a phokoso anali atapezeka kale. Mu 1933, katswiri wa ku America, Edwin Howard Armstrong, analembetsa njira yatsopano yotchedwa FM. M'njira imeneyi mphamvu ya funde siisintha. Chimene chimasintha motsatira mawu ndi liwiro la kunjenjemera kwa fundelo. Popeza mphezi imasokoneza mphamvu osati liwiro, wailesi ya FM imadula phokosolo n'kusiya mawu okha. FM imanyamulanso kunjenjemera mpaka 15,000 pa sekondi, kotero kuti maseche ndi gitala zimamveka monga zilili. Nyumba za FM zimapezeka pakati pa manambala 87.5 ndi 108 pa wailesi. Komabe palibe chabwino chopanda chilema. Mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala, ndipo sabwerera kuchokera kumwamba monga amachitira a shortwave. Phiri likaima pakati pa mlongoti ndi mudzi, mawu amafooka. Dera ngati la Chapananga, limene lili ndi zitunda ndi makwawa cha kumalire ndi Mozambique, limatha kukhala ndi mudzi wogwira siteshoni bwinobwino pamene mudzi woyandikana nawo ukuchita kumangirira waya pansungwi.

M'Malawi muno FM inafala kwenikweni ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994. MBC inatsekula Radio 2 mu 1997. Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso, ndipo nyumba za anthu wamba zinayamba kubadwa: Capital FM mu 1999, Zodiak mu 2005, ndi zina zambiri za mipingo ndi za m'madera. Ku Nsanje kunabadwa wailesi za m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka. Chisena, chimene chinalibe malo pa MBC kuyambira kale, makamaka Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, chinayamba kumveka m'nkhani za pa wailesi m'zaka za m'ma 1990. Kwa nkhalamba ya m'chigwa, kumva nkhani m'chinenero cha mayi wake kunali kumveka bwino kwa mtundu wina, kumene palibe chipangizo chingayeze.

Wailesi zimene zinalandira FM yoyambayo m'midzi zinali zija za singano, zambiri zokhala ndi malo oikamo kaseti, zopangidwa ndi makampani monga National Panasonic, Sharp ndi Sanyo. Munthu akapotoza kabatani, kachingwe ka m'kati kankakoka singano n'kuzunguliza timapale toloŵana tolowetsana, ndipo kulowana kwa timapaleto ndiko kunkasankha siteshoni. Ntchitoyi inkafuna dzanja lodekha ndi khutu lakuthwa. Chilema chake chinali chakuti zipangizo za m'kati zikatenthedwa kapena mabatire akafooka, siteshoni inkasuntha yokha, ndipo womvera ankayenera kudzukanso kukaikonza. Nyumba za FM zitachuluka, wailesi zotsika mtengo za mtundu umenewu zinayambanso kusakaniza masiteshoni oyandikana. Koma zinali ndi ukoma umodzi waukulu: mafunde akafooka, mawu sankaduka. Ankangomira pang'onopang'ono m'phokoso, ndipo munthu wotchera khutu ankatolabe uthenga.

Tsopano tifike pa dijito. Mawu amenewa anthu amawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusokoneza ziwirizi ndiko kumatalikitsa mkangano. Choyamba ndi wailesi imene imagwira FM yomwe ija, koma m'malo mwa singano imaonetsa manambala. Wailesi zotere zinayamba kufala m'mayiko olemera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'zaka za m'ma 2000 kunabwera kachipangizo kochepa kuposa chikhadabo, kamene kamasandutsa funde kukhala manambala n'kuliyeretsa mwa masamu. Kachipangizo kameneka ndiko kali m'mafoni a m'manja okhala ndi FM ndi m'tiwailesi ta sola ndi ta memori khadi timene timagulitsidwa m'misika. Ubwino wake ngwosakanika. Siteshoni ikagwidwa siisuntha ngakhale kutenthe bwanji, masiteshoni oyandikana sasakanizika, ndipo mtengo wake ngwotsika moti ngakhale mnyamata woweta ng'ombe amatha kukhala ndi wailesi m'thumba.

Nanga bwanji akuluakulu amati zimalira ngati nyenje? Zifukwa zake zilipo. Sipika ya foni njochepa ngati ndalama yachitsulo, ndipo siingakankhe mpweya wokwanira kutulutsa mawu aakulu. Ili ngati kathabwa ka ulimba kopanda chikho. Mlongoti wa FM ya pa foni nthawi zambiri ndi waya wa mahedifoni, umene sungafanane ndi mlongoti wautali wachitsulo. Zipangizo zambiri zamakono zinapangidwanso kuti mafunde akafooka zizitsitsa kapena kutsekeratu mawu pobisa phokoso, ndipo posaka masiteshoni zokha zimadumpha amene ali ofooka. M'tauni khalidwe limeneli ndi labwino, koma m'mudzi wa kuseri kwa phiri limatanthauza kuti siteshoni imene wailesi ya singano ikanaitola movutikira, yamakono imangoipitirira ngati kulibe.

Tanthauzo lachiwiri la dijito ndi pamene mawu enieniwo amatumizidwa ngati manambala kuchokera ku nyumba youlutsira. Ku Ulaya kuli njira yotchedwa DAB, ndipo mu 2017 dziko la Norway linazimitsa FM ya mawailesi ake akuluakulu n'kusamukira ku njira imeneyi. Kwa Amalawi ambiri, mawu a mtundu umenewu amafika kudzera pa intaneti. M'njira imeneyi mulibe phokoso la mphezi ngakhale pang'ono, ndipo mwana wa ku Chapananga amene ali pa ntchito ku Johannesburg amatha kumvera wailesi ya kwawo. Koma kuti mawu apepuke panjira, amafinyidwa ndi kuchotsedwa tizigawo timene akatswiri amati khutu silitisowa, ndipo akafinyidwa mopitirira muyeso nyimbo imamveka yopyapyala. Chinanso, dijito siidziwa kunong'ona. Imalankhula momveka kapena kukhaliratu chete. Ndipo pamene FM imalowa m'nyumba mwaulere, intaneti imafuna ndalama ya bandulo ndi netiweki yamphamvu.

Mkangano umenewu si wa ku Chapananga kokha. M'mayiko akunja muli anthu amene amasakasaka wailesi za FM zopangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970 ndi makampani monga Kenwood, Sansui ndi Pioneer, ponena kuti mawu ake ngokoma kuposa a zamakono. Zoona zake n'zakuti zimenezo zinali wailesi zodula, zopangidwa mosamala, ndipo kuziyerekeza ndi kawailesi kotchipa ka lero n'kulakwira mlandu. Tisaiwalenso kuti wailesi zakale zimene zatsala ndi zolimba zokhazokha. Zosalimba zinatayidwa kalekale. Nalonso khutu limakalamba: munthu akamakula amasiya kumva mawu aang'ono, ndipo chimene amachikumbukira chimasakanikirana ndi chisangalalo cha unyamata wake. Munthu wofuna kuyesa mwachilungamo ayenera kulumikiza zipangizo ziwirizo ku mlongoti umodzi ndi sipika imodzi. Akatero amapeza kuti pamene mafunde ali amphamvu, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Kusiyana kwenikweni kumaonekera pamene mafunde afooka.

Pamenepa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala yocheza. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anamiza midzi yambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, m'boma lomweli la Chikwawa, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Namondwe yemweyo anaononganso mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Pa nthawi zotere magetsi amazima, misewu imaduka, dzuwa silioneka kuti sola itchaje, ndipo foni imafa m'manja mwa mwini wake. Wailesi ya mabatire wamba, yokhala ndi mlongoti wake ndi sipika yokwanira kuti banja lonse limve, imalankhulabe malinga ngati nyumba youlutsira ili ndi mphamvu. Chenjezo lakuti anthu asamukire kumtunda silifuna kukoma kwa nyimbo. Limangofuna kufika ndi kumveka. Motero muyeso wa makolo athu a m'nthawi ya sefuliya uja umabwereranso: kodi mawu afika?

Pomaliza, tikaunika mbiri yonseyi tiona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi gawo la choonadi. Achinyamata akunena zoona kuti chipangizo cha dijito chimagwira siteshoni molunjika, mosasuntha ndi motsika mtengo kuposa cha singano. Akuluakulu nawo sakunama ponena kuti china chake chinatayika. Chotayikacho ndi bokosi lalikulu, sipika yotambalala, mlongoti wautali, ndi kuleza mtima kwa wailesi imene inkalimbana ndi mafunde ofooka m'malo mongokhala chete. Tingawonjezereponso bwalo la omvera, pakuti wailesi ya pakhonde inkasonkhanitsa mudzi pamene mahedifoni amatsekera uthenga m'makutu a munthu mmodzi. Mawu a akulu amakoma akagonera. Banja lanzeru la m'chigwa cha Shire silingataye wailesi ya agogo chifukwa chakuti mwana wagula foni. Liyenera kuipukuta fumbi, kuikonzetsa kwa amisiri a pamsika, ndi kuisungira mabatire nyengo ya mvula isanafike.